Yankho kwa amene afunsa za chithunzi cha pamkuwa cha "otsatira a Rubens"

Achimwene, mwati mwaona ku okushoni chithunzi chaching'ono cha Yesu akutsitsidwa pamtanda, chojambulidwa pamkuwa, ndipo ogulitsa alemba kuti ndi cha wotsatira wa Rubens, katswiri wojambula zithunzi wa zaka za m'ma 1600. Mukufunsa ngati chili chabodza. Ayi, sichabodza, koma musayembekezere kuti dzanja la Rubens linachikhudza. Ogulitsa akalemba choncho amatanthauza munthu amene ankajambula motengera kalembedwe ka katswiriyo, mwina osaphunzira n'komwe kwa iye.

Chithunzi chodziwika kwambiri cha Rubens mwiniwake cha nkhani imeneyi ndi chachikulu, cha pamatabwa, ndipo chili m'tchalitchi chachikulu cha ku Antwerp, mzinda wa ku Belgium. Anachijambula pakati pa 1612 ndi 1614. Amisiri ngati Lucas Vorsterman ankazokota zithunzi zake n'kuzisindikiza pamapepala, ndipo ojambula ang'onoang'ono ankakopera pamapepalawo. Popeza kusindikiza kumatembenuza chithunzi ngati pakalilole, makope ambiri amatuluka otembenuka, amene ali kumanja kwa Rubens n'kupezeka kumanzere. Yerekezani chanucho ndi cha ku Antwerp muone.

Nanga mkuwa bwanji? Ndi wosalala, sumwa utoto, choncho mitundu imawala ndipo munthu amatha kujambula ngakhale nsidze. Sufumbwa ngati thabwa, sung'ambika ngati chinsalu. Ena ankayamba aupaka adyo kuti utoto ugwire! Komanso unkayenda bwino pasitima ya pamadzi. Amalonda a ku Antwerp, monga banja la Forchondt, ankatumiza zithunzi zoterezi zambirimbiri ku Spain, zina n'kupitirira mpaka ku Mexico, kwa Akatolika ofuna kachithunzi kopempherera kunyumba. Wojambula wina, Willem van Herp, anakopera zambiri za Rubens pamkuwa pamalonda omwewa, ndipo nyumba yojambulira ya Frans Francken nayo inkatulutsa timikuwa tosawerengeka.

Ine ndimati weruzani ndi maso anu. Onani manja ndi nkhope, pakuti wokopera mothamanga amagwidwira pamenepo. Zina ndi zokongola ndithu, zina munthu ankangothamangira ndalama.

Apempheni ogulitsawo akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwake. Osula mkuwa ena a ku Antwerp, monga Peeter Stas, ankadindapo chizindikiro chawo, nthawi zina pamodzi ndi kadzanja koimira mzindawo. Chidindocho chimangotiuza kumene mkuwawo unachokera ndi nyengo yake, osati amene anajambulapo. Funsaninso ngati mkuwawo unapindikapo, chifukwa pamene papindika utoto umasendeka, ndipo kukonzetsa kwake kumadya ndalama zambiri.