Makorali Akusenda m'Thanki la ku Likhubula: Ndipitirize Kuthiramo Ndalama?

Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, wafunsa kuti: "Mwana wanga wa ku Johannesburg anandiikira thanki lagalasi la madzi a mchere pamalo ofikira alendo, muli makorali a mtundu wa Acropora. Panopa akusenda kuchokera pansi, chigoba choyera chili poyera. Mchere ndi mankhwala ndaitanitsa kawiri. Ndipitirize kapena ndileke?"

Pepani mayi. Mphatso ya mwana ikamafota pamaso panu zimapweteka. Tiyambe ndi kupulumutsa zomwe zatsala, za ndalama tikambe pambuyo.

Korali ndi nyama, si mwala ayi, ndipo Acropora ndi wosachedwa kudwala. Chimene amadana nacho kwambiri ndi madzi osinthasintha. Musanagulenso mankhwala, yezani zinthu zitatu m'mawa ndi madzulo kwa sabata yonse, muzilemba m'kope. Kutentha kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Mchere uzikhala pa 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere wa m'madzi. Alkalinity, yomwe ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ikhazikike pakati pa 7 ndi 9 pa muyeso wake wa dKH, isamakwere lero n'kutsika mawa.

Ine ndikukayikira kutentha ndi magetsi. Mukudziwa momwe chiperoni chimazizirira kumeneko mu June ndi July. Magetsi akathima usiku, chotenthetsera madzi chimazima, pampu imaima, madzi amangokhala phee, mpweya n'kuchepa. Masiku angapo otere ndi okwanira kuti korali ayambe kusenda. Kusenda kwapang'onopang'ono kochokera pansi, ngati kwanuko, kumakupatsani mpata. Kulinso kwina kofulumira, kumene korali yense amayera tsiku limodzi.

Tengani pulayala yoyera, mudule nthambi zamoyo pamwamba pang'ono pa pamene pafa, ndipo zakufazo muzichotse m'thanki. Nthambi zamoyozo ziviikeni m'mankhwala a makorali, kenaka muziike pamene madzi amayenda bwino. Yang'anani m'mbale yoviikiramo ngati mwagwa tinyongolotsi tophwathalala, chifukwa tilipo timene timadya Acropora. Madzi muzisintha pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata, osati kukhuthula onse.

Tsopano za m'thumba. Funsani kope lanu la bizinesi: alipo mlendo amene anagona kwanu chifukwa cha thankili? Alendo anu amabwera kudzakwera Sapitwa ndi kusamba pa Dziwe la Nkhalamba. Pomwe thankili likufuna inverter ndi batire, makina osefa madzi, zoyezera ndi mchere wapadera, zambiri mwa izo zochokera kunja. Kwacha ikagwa, zonsezi zimakwera. Kugulanso makorali ena kumafuna ziphaso, popeza makorali olimba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe kutha. Ndalama yomweyo ikanagula matiresi atsopano kapena kuika sola ya madzi otentha osamba, zomwe mlendo wotsika m'phiri atatopa amazikumbukira.

Ndikanakhala ine, ndikanadziikira malire: miyezi iwiri ndi ndalama yoti ndisapyole. Nthambi zikapanda kuphukanso, lisandutseni thanki la nsomba za mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi. Anthu a ku Ulaya amazigula modula, ife tili nazo pakhomo. Sizifuna mchere, ndi zolimba kuposa makorali, koma chotenthetsera madzi chisachoke chifukwa nazonso zimafuna madzi ofunda. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, ndipo mlendo akaona tiana tikutuluka m'kamwa mwa mayi wake sachoka msanga pagalasipo. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo ngati mudzafuna kugulitsa tianato, yambani mwafunsa ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu.

Zigoba zoyerazo musataye. Zitsukeni bwino mudzaziike pansi m'thanki la mbuna, chifukwa zimathandiza kuti madzi afanane ndi a m'nyanja ya Malawi. Ndipo mwana wanu muimbireni musanasinthe kanthu, mumuwerengere zomwe zili m'kope lija.