Yankho kwa amalume pa nkhani ya njinga

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulu pano, loti mukufuna njinga ya pamsewu, zija za mahandulo opindikira pansi, koma mukukayika ngati ingapirire thupi lanu la makilogalamu 115. Ndati ndingolankhula, chifukwa kulemba zonsezi zala zingandipweteke.

Choyamba, mtima m'malo, njinga zonyamula anthu olemera kukuposani zilipo. Koma tamverani. Anthu ambiri akafika pa njinga amagogoda felemu, kuinyamula, kufunsa ngati ndi yachitsulo. Felemu sithyoka wamba. Chimene chimagonja msanga kwa munthu wathupi ndi wilo la kumbuyo, chifukwa mukakhala pachishalo kulemera kochuluka kumapita kumbuyoko. Ndiye maso anu ayambire pamenepo.

Werengani masipoko. Eee, muwerenge ndithu ndi chala, musachite manyazi. Njinga zampikisano zambiri zimabwera ndi masipoko 20 kapena 24, kuti zipepuke. Zimenezo zisiyeni. Inu mukufunika 32, ndipo kumbuyo mukapeza 36 ndiye bwino kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti wilo likamazungulira, masipoko amene afika pansi amakhwefuka pang'ono ndi kulemera kwanu, akakwera m'mwamba amakungikanso. Kukhwefuka, kukungika, kukhwefuka, kukungika, ulendo wonse. Masipoko akachepa, iliyonse imasenza zambiri, ndipo mapeto ake imatopa n'kuduka pokhota paja, pamene imalowa mu habu, chitsulo chapakati pa wilo chija. Ikaduka imodzi limu imayamba kuyenda mokhota, masipoko ena amatsatira kuduka. Muonenso kuti masipokowo alukidwa mopingasana, iliyonse kudutsa anzake atatu, ndipo limu ikhale ya makoma awiri, osati yachitsulo chimodzi chopyapyala.

Komanso kuchuluka kwa masipoko pakokha sikokwanira. Wilo la masipoko 36 lomangidwa mwamphwayi likhoza kufa msanga kuposa la 32 lomangidwa ndi munthu wodziwa. Muwakhwatche ndi chala mmodzimmodzi, mumve kulira kwake. A mbali imodzi azilira mofanana. A mbali ya tcheni amalira mokwererapo chifukwa amakungidwa kwambiri, zimenezo n'zabwinobwino. Koma mukamva ina ikungoti phwa, yopanda mawu, dziwani kuti ndi yokhwefuka. Ndipo ngakhale njingayo ikhale yatsopano, mukayenda nayo masabata angapo mupite nayo kwa wokonza njinga akaunikenso masipoko onse. Anthu ambiri amadumpha pamenepa, kenako n'kumadandaula kuti anawagulitsa njinga yachabe.

Tikadali kumbuyo komweko, pali nkhani ya magiya. Pali mitundu iwiri. Wina ndi wa freewheel, umene magiya onse amangopotokoleredwa pa habu ngati nati. Wina ndi wa cassette, umene kampani ya Shimano inaufalitsa, magiya amalowetsedwa pa chitsulo chimene ndi mbali ya habu yomweyo. Pa freewheel timipira tachitsulo ta mu habu, ta mbali ya tcheni, timakhala mkati kwambiri, ndiye gawo lalitali la ekiselo limatsala popanda chochirikiza. Munthu wolemera akagunda dzenje, ekiselo imapindika kapena kuthyoka kumene. Pa cassette timipirato tili chakunja, ekiselo imachirikizika bwino. Inu tengani ya cassette, pamenepo musalole kukunyengererani.

Tsopano matayala. Ndikudziwa kuti chimene chakukopani ndi timatayala towonda tija, koma ta mamilimita 23 kapena 25 si tanu. Yambirani pa 32, ndipo felemu ikalola 35 kapena 38, tengani. Tayala lalikulu limasunga mpweya wambiri, ndiye mukagunda mwala limu sifika pansi. Tayala likakhala lowonda kapena losapopa mokwanira, chubu imapanikizika pakati pa limu ndi msewu n'kubooka timabowo tiwiri togundizana, ngati yalumidwa ndi njoka. Mukaona timabowo totero musalimbane ndi kufunafuna minga, vuto ndi mpweya. Pambali pa tayala pamalembedwa mlingo wa mpweya, musaupitirire, koma la kumbuyo muzilipopa kuposa la kutsogolo pang'ono. Ndipo musaganize kuti tayala lalikulu likuchedwetsani, pamsewu wokumbika ndi lomwe limayenda bwino.

Chinanso chimene anthu sachiwerenga n'chakuti makampani amalemba malire a kulemera. Mwachitsanzo a Trek, njinga zawo za pamsewu amati zisapitirire makilogalamu 125. Koma 125 imeneyo si ya munthu yekha ayi, akuphatikiza inuyo, njingayo, ndi katundu yense. Ndiye tawerengani: inu 115, njinga pafupifupi 10, mwafika kale pamalire musanaike botolo la madzi, nsapato, kachikwama. Njinga zawo za mtundu wa FX, za mahandulo owongoka, amati 136. Mwaona kusiyana kwake? N'chifukwa chake ine ndinganene kuti musalimbane ndi zampikisano. Yang'anani zimene anazipangira maulendo ataliatali onyamula katundu, amazitcha touring, kapena za misewu yafumbi ndi miyala, amazitcha gravel. Mahandulo ndi omwewo opindikira pansi amene mukuwafuna, koma mawilo ndi olimba ndipo matayala akuluakulu amalowa. Ngati Surly Disc Trucker, ndi yachitsulo cha chromoly, masipoko 36. Sindikunena kuti mugule imeneyo basi, ndikungokupatsani chithunzi cha mtundu wake.

Za felemu ndinena mwachidule. Chitsulo ndi chabwino, chikang'aluka chimawotchereredwa. Aluminiyamu nayo ilibe vuto, bola muziyang'ana ming'alu m'malo olumikizira. Carbon, imene amapangira mafelemu opepuka kwambiri, ndi yolimba ndithu, anthu amangoinamizira, koma ikamenyeka kuwonongeka kwake kumatha kubisala mkati osaoneka, ndiye yogwiritsidwa kale ntchito musaigule. Ndipo kunena zoona, amalume, kulipira ndalama zambiri kuti njinga ipepuke ndi kilogalamu imodzi, pamene wokwerayo ndi 115, ine sindikuonapo nzeru. Musandikwiyire.

Mabuleki akhale a disc, ogwira pa chimbale chachitsulo chapakati pa wilo, ndipo chimbalecho chisachepere mamilimita 160. Munthu wolemera akamatsika chitunda chachitali mabuleki amatentha kwambiri. Mabuleki ogwira pa limu amatenthetsa limu yomweyo ndi kuidya pang'onopang'ono, komanso mvula ikagwa amachedwa kugwira.

Pokwera chitunda mufunika magiya ofewa. Kutsogolo, pa mapedalo, kukhale magiya awiri, a mano 50 ndi 34, kumbuyo giya yaikulu ifike mano 32 kapena 34. Musamakakamize giya yolimba mutaimirira pamapedalo, mukatero mukupweteka maondo anu, tcheni, ndi masipoko omwe aja. Ndi bwino kupalasa mofewa miyendo ikuzungulira msanga.

Aa, ndikanaiwala chishalo. Chitsulo chimene chimanyamula chishalo chili ndi kamzere kosonyeza polekezera pochikweza. Kamzereko kakaonekera kunja, ndiye kuti chalowa pang'ono mu felemu, ndipo ndi kulemera kwanu chikhoza kupindika kapena kung'amba felemuyo. Ngati mukufunika kuchikweza mpaka pamenepo kuti mwendo utambasuke, njingayo yakucheperani, funani yaikulu. Chishalocho chikhale cha njanji zachitsulo kunsi kwake. Chofewa kwambiri chija chimakoma mphindi zoyamba zokha, ulendo ukatalika chimakhula. Chofunika n'choti m'lifupi mwake mugwirizane ndi mafupa amene mumakhalira, ndiye muyese kukhalapo musanalipire.

Ndiye mukaipeza imene yakusangalatsani, musathamangire kupereka ndalama. Jambulani wilo la kumbuyo pafupi, mbali ya tcheni, kuti ndione masipoko ndi magiya. Mujambulenso zolembedwa pambali pa tayala ndi dzina la njingayo pa felemu, mutumize pompano, ndifufuze malire ake a kulemera. Mundipatsireko moni azakhali.