Za handibuleki yamagetsi ya Vezel yanu, musagule kaye ma caliper

Achimwene amene mwafunsa za Honda Vezel ya 2015 ija, mukuti nyali yachikasu ya mabuleki yayaka pa dashibodi, ka P kofiira kakuthwanima, mmawa wina handibuleki imakana kumasuka mpaka mudine kangapo, ndiye amakanika akuti mugule ma caliper onse awiri akumbuyo, zitsulo zija zimapanitsa mapadi a buleki pa disk. Chonde ndalama imeneyo isungeni kaye. Mwina caliper yafadi, koma munthu sangadziwe zimenezo pongoyang'ana nyali, ndipo zinthu zambiri zimene zimayatsa nyali imeneyi ndi zotchipa kutalitali kuyerekeza ndi caliper.

Galimoto zimenezi zilibe waya wokoka uja tinazolowera pa Corolla zakale. Kumbuyo, pa tayala lililonse, pali kamota kakang'ono komangidwa pa caliper penipeni. Mukakoka kabatani kaja kompyuta imatumiza moto ku timamota tiwiriti, timazungulitsa chitsulo cha mazinga chomwe chimakankha piston kuti mapadi agwire disk. Kompyutayo siona ndi maso kuti buleki yagwira, imangoyeza kuti kamotako kakukoka moto wochuluka bwanji komanso katenga nthawi yaitali bwanji. Ndiye moto ukangochepa, kapena china chake chikalimba, iyo imaona kuti zinthu sizili bwino basi nkuyatsa nyali.

Nchifukwa chake ine ndikuti yambani ndi batire, makamaka poti mwanena kuti vutoli limakonda mmawa. Mmawa ndi pamene batire yotopa imakhala pansi kwambiri chifukwa yagona usiku wonse. Pezani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, aliyense wokonza zamagetsi a galimoto amakhala nayo, muyeze musanalize galimoto. Batire yabwino imawerenga 12.4 mpaka 12.6 volts. Ikamawerenga 12.2 kapena kutsikirapo ndiye kuti yatsala ndi theka kapena kuchepera apo. Mukaliza izikwera kufika cha m'ma 13.5 mpaka 14.7, ikapanda kukwera ndiye kuti sikutchajidwa. Ngati yanuyo ndi ya hybrid ndiye chenjerani kwambiri, chifukwa ili ndi mabatire awiri, ndipo yaing'ono ya 12 volts ija imatha kufooka inu osazindikira, galimoto nkumangoyakabe bwinobwino popanda kulira kolefuka kuja kwa sitata komwe kumatichenjeza pa galimoto zina. Ndipo ngati batire ndi yomwe ija inabwera nayo kuchokera ku Japan, ganizirani kuti yakhala miyezi ingati pa yadi, m'sitima ndi pa doko isanafike m'manja mwanu. Muonenso ma terminal, ngati pali zoyerayera zija kapena akugwedezeka mukawagwira ndi dzanja, tsukani mumange zolimba, komanso waya wa earth uja wopita ku bodi. Ma fyuzi nawonso, nambala zake zili pa chivundikiro cha bokosi lake.

Batire ikakhala kuti ili bwino, chitani ichi, sichifuna ndalama. Imikani pamalo athyathyathya, giya pa P, zimitsani wayilesi, tsitsani magalasi. Wina akhale mkati aponde buleki azikoka ndi kudina kabatani, inu mugwade pafupi ndi tayala lakumbuyo kumanja, kenako mupite kumanzere. Mbali iliyonse muyenera kumva kamota kakulira zzzz kwa sekondi imodzi kapena masekondi awiri nkusiya. Mbali zonse zikalira mofanana, timamota tili moyo. Imodzi ikakhala chete, vuto mwalipeza kuti lili mbali iti, komabe sindiye kuti mota yafa ayi, chotsani pulagi yake muone mkatimo. Misewu yathuyi nthawi ya dzinja matope ndi madzi zimalowa paliponse, kuphatikizanso anyamata a pa car wash amene amalozetsa paipi ya pressure pa caliper penipeni. Mukapeza tizitsulo ta mu pulagi tabiriwira kapena muli chinyezi, mwina nkhani yonse ndi imeneyo. Tsatiraninso wayayo ndi zala mpaka pomwe walowa mu bodi, chifukwa amapindika nthawi zonse tayala likamakwera ndi kutsika m'mabampu, ndiye amatha kuduka mkati kunja akuoneka wabwinobwino. Zikakhala kuti mbali zonse zili zii, kayikirani kabatani komweko, fyuzi kapena moto wopita ku kompyuta, nkovuta kuti timamota tiwiri tife tsiku limodzi. Kabataniko kali pamalo pomwe timatayirapo zakumwa ndi nyenyeswa, kamamata.

Mukamva mota ikulira movutikira ngati ikukakamizidwa, kapena ikulira nthawi yaitali osasiya msanga, pamenepo ndiye tiyang'ane ku caliper ndi mapadi. Mapadi akatsala mamilimita 2 kapena 3 asinthidwe. Ma pin awiri aja omwe caliper imatsetserekapo akachita dzimbiri nawonso amalimbitsa zinthu, kungowatsuka ndi kupaka girizi woyenera zimatheka. Muonenso brake fluid ngati sanatsike pa mzere wa MIN.

Funso limene ndikufuna muyankhe ndi ili, kodi mapadi akumbuyo asinthidwa posachedwapa? Chifukwa apa ndi pamene galimoto zambiri zikuonongekera ndipo zimandiwawa. Caliper yamtunduwu sufinya piston ndi G clamp kapena kuikankha ndi chitsulo ngati zakale zija. Pamafunika kuika galimoto pa makina kuti mota ibwerere yokha m'mbuyo, amati service mode, kapena kumasula motayo nkubweza chitsulo cha mazingacho ndi dzanja mwa ndondomeko yake, kenako pomaliza kuiuza kompyuta kuti ntchito yatha. Munthu akangokakamiza amaphwanya magiya a mkati, mawa lake nyali ija yayaka, mwini galimoto nkumadabwa kuti zayamba bwanji.

Za kukayezetsa galimotoyo pa kompyuta ya amakanika, pitani nayo ndithu koma kwa munthu amene makina ake amawerenga mabuleki. Tija totchipa tolumikiza ku foni nthawi zambiri timangowerenga za injini, ma code oyamba ndi P, ndiye amakuuzani kuti palibe vuto pomwe nyali ili ngwee. Za mabuleki zimakonda kubwera ndi ma code oyamba ndi C, ndipo oyamba ndi U amatanthauza kuti makompyuta a m'galimotomo sakumvana, zomwe kawirikawiri zimabwereranso ku batire kapena mawaya. Ngati nyali za ABS ndi VSA, zija zoteteza kuti galimoto isatereke, nazonso zayaka, mwina ndi sensa ya pa tayala chabe, chifukwa handibuleki imadalira sensa imeneyo kuti idziwe ngati galimoto yaima. Musalole kuti angofufuta code asanakulembereni, ijambuleni pa foni. Uthenga wa Chijapanizi umene ukutuluka pa dashibodi nawonso ujambuleni, Google Translate imawerenga pa kamera.

Pakadali pano musamaidalire handibulekiyo. Mukaima giya izikhala pa P, pewani kuimika pa mtsetse, zikavuta khotetsani matayala kuloza m'mbali mwa msewu muikeko mwala. Ndipo tsiku lomwe yakaniratu kumasuka musakakamize galimoto kuyenda poponda moto kuti mwina ichoka yokha, mupsereza mapadi ndi disk, komanso musakoke galimotoyo ndi chingwe matayala akumbuyo ali ogwira. Yesani kujampa batire kaye, chifukwa batire ikafa handibuleki yamagetsi singamasuke ngakhale mudine bwanji. Mukayenda pang'ono imani muyandikitse dzanja pa rim yakumbuyo osaigwira, ina ikamatentha kuposa inzake kapena mukamva fungo lopserera ndiye kuti ikugwirabe, musapitirize ulendo. Nyali yofiira ya mabuleki ikayaka mukuyenda, kapena buleki ya phazi ikamamira, imeneyo ndi nkhani ina, imani pomwepo.

Mukayeza batire mawa mmawa mutilembere pano kuti yawerenga zingati, mbali iti ikulira, komanso code yomwe atapeze, tithandizana kuchokera pamenepo.