Za mabotolo ochokera ku Joni ndi kusala kudya kwa bambo anu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati bambo anu ali ndi zaka 64, amamwa mankhwala a shuga ndi a BP, ndipo achimwene anu a ku Johannesburg atumiza mabotolo awiri, lina lolembedwa resveratrol lina NMN, mankhwala amene amati amatalikitsa moyo, n'kuwalangiza kuti azidya kamodzi kokha patsiku kuti akhale ndi moyo wautali. Mukufunsa ngati muwalole, komanso ngati muitanitse ena amenewa akatha. Ine ndikuti zodya kamodzizo asayambe, ndipo mabotolo ena musaitanitse.

Ndiyambe ndi kusalako chifukwa ndi kumene kwandidetsa nkhawa. Ndagwira ntchito ya unamwino kuno ku Nkhotakota zaka zambiri, ndipo sindidzaiwala mdala wina wa kunyanja amene anabwera naye pa kabaza, mwana wake atamugwirizira kumbuyo. Malaya ali chonyowa ndi thukuta koma thupi lili zii, akuyankhula zosamveka. Achibale ena ankati ndi sitiroko, ena akunong'onezana zoti walodzedwa. Titamubaya chala tinapeza shuga watsikiratu. M'mawa anamwa piritsi lake la shuga la glibenclamide monga mwa masiku onse koma osaika kanthu kukamwa, poti anamva kuti kusala kumatsuka m'thupi. Titamupatsa glucose kudzera m'mtsempha, sipanapite nthawi anatsegula maso n'kufunsa komwe kuli nsapato zake. Zikanamupeza ali m'bwato pakati pa nyanja bwenzi tikunena zina. Piritsi la glibenclamide lija limakakamiza thupi kutulutsa insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Onani m'buku la kuchipatala la bambo ngati ali pa limeneli kapena pa jakisoni wa insulin. Ndiye palinso hydrochlorothiazide wa BP uja amene amakodzetsa. Munthu akamamwa ameneyo n'kumachepetsa kudya ndi kumwa, ndi kutentha kwathu kuno kwa mu Okutobala, chizungulire sichichedwa.

Achimwene anu sakunama dala ayi. Zimene anamvazo zinkalalikidwa ndi madokotala enieni, ndipo inenso ndinkaziwerenga ndi chidwi. Chimene sichikufika pa WhatsApp n'chakuti ena mwa omwewo anabwerera m'mbuyo. Dokotala wa mtima Ethan Weiss wa ku San Francisco anakhala zaka akudumpha chakudya cham'mawa, akulangizanso anzake kutero. Kenako anachita kafukufuku pa anthu 116 kwa milungu 12: ena ankadya mkati mwa maola 8 okha, ena katatu patsiku. Zotsatira zitatuluka mu 2020, panalibe kusiyana kwenikweni pa kutsika kwa sikelo, ndipo mwa osala amene anayezedwa bwinobwino, mbali yaikulu ya zomwe zinachoka m'thupi sinali mafuta. Iye mwini anayambiranso kudya m'mawa. Peter Attia, dokotala wina wotchuka pa nkhani za moyo wautali, ankasala masiku angapo otsatizana akumwa madzi okha, koma anasiya ataona kuti minofu ikumuthera. Ku Guangzhou, m'dziko la China, anatsatira anthu 139 kwa chaka chathunthu ndipo mu 2022 analengeza kuti amene anachepetsa chakudya n'kumadya pa maola owerengeka sanapose amene anangochepetsa chakudya basi pa kutsika kwa sikelo. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu, chifukwa anayeza, ataona kuti sizikuyenda ananena poyera.

Nkhani ya minofuyi musaitenge mopepuka. Kwa munthu wa zaka 64, minofu ndi imene imamudzutsa pamphasa popanda womugwira dzanja, imene imamulola kunjuta kuchimbudzi n'kudzuka yekha, kukwera njinga kupita ku dimba. Pa msinkhu umenewo imakhala ikuchepa kale payokha chaka ndi chaka, ndipo ikapita imavuta kubwerera. Okalamba ambiri amene ndawaona akugonekedwa osadzukanso, chiyambi chake chinali kugwa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Tsono mabotolowo. Resveratrol amapezeka m'makoko a mphesa. Anatchuka mu 2006 pamene gulu la David Sinclair wa ku yunivesite ya Harvard ku America linaonetsa kuti mbewa zonenepa zomwe zinapatsidwa mankhwalawa zinakhalitsa kuposa zinzake. Dziko linatekeseka. Mu 2008 kampani yaikulu ya mankhwala ya GlaxoSmithKline inagula kampani yaing'ono ya Sirtris, imene inkagwira ntchito imeneyi, pa madola 720 miliyoni. Pofika 2013 anali atatseka maofesi a Sirtris, popanda mankhwala otalikitsa moyo amene anatulukamo. Mu 2014, ofufuza ena atatsatira okalamba 783 a m'dera la Chianti ku Italy kwa zaka 9, anapeza kuti amene anali ndi resveratrol wambiri m'thupi sanakhalitse kuposa anzawo. Ngati kampani ya ndalama zoterozo inalephera kupezamo kanthu, ine sindingauze bambo wa ku Linga kuti aikepo chiyembekezo chawo. NMN nayenso mbiri yake yaikulu ndi ya mbewa. Pa anthu anamuyesa pa magulu ang'onoang'ono kwa nthawi yochepa, ndipo palibe pamene anaonetsa kuti amawonjezera zaka.

Tisamaganizenso kuti chinthu chikangotchedwa vitamini ndiye kuti sichingapweteke. Ku Finland anapereka beta-carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A, kwa amuna osuta fodya pa kafukufuku wa anthu oposa 29,000, akuyembekezera kuti awateteza. Mu 1994 zinadziwika kuti khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwawo.

Apa wina asandimve molakwa. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, ndi vitamini A wa ana, ndi nkhani ina: amenewo amabwezera chinthu chodziwika kuti chikusowa, ndipo ntchito yake inaoneka. Bambo anu ngati akhala pa mankhwala a shuga a metformin zaka zambiri, vitamini B12 akhoza kuchepa m'thupi, makamaka akamadandaula dzanzi kumapazi, ndiye zimenezo akafunse adokotala. Ndipo kwa anzathu m'gulu muno amene mumamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, mapiritsi okhala ndi calcium, iron kapena magnesium amatha kulepheretsa mankhwala anu kulowa bwino m'magazi mukamwera pamodzi m'mimba mulibe kanthu. Musagule botolo lililonse musanaonetse kumene mumalandira mankhwala.

Kusala kwa chipembedzo sindikukutsutsa. Kuno ambiri amasala mwezi wa Ramadan, ena nyengo ya Lenti kapena masiku a mapemphero. Wodwala shuga akafuna kusala apite kuchipatala mweziwo usanayambe kuti akamusinthire nthawi ndi mlingo wa mankhwala, ndipo akamva kunjenjemera, thukuta kapena maso kuchita mdima, amasule pomwepo. Masheikh amadziwa kuti wodwala analoledwa.

Chimene ndingakonde kuti bambo achite n'chapafupi. Adye katatu, koma mtanda wa kondowole uchepe, ndiwo zichuluke. Kondowole amakhutitsa, koma zomanga thupi alibe kwenikweni, ndiye ndiwo ndi zimene zigwire ntchito: usipa wodya ndi minga yomwe, utaka, mazira, nyemba, chigwada kapena nkhwani wotendera. Tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi Sobo asiye. Mchere, bungwe la WHO limati usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndiye kaja kambale ka mchere kokhala pambali pa nsima kachoke. Aziyenda, azigwira khasu m'mawa dzuwa lisanakwere, osawaletsa ntchito n'kuwakhazika pakhonde tsiku lonse poti akula. Ngati amasuta, kusiya fodya kungawapatse zaka zimene botolo lililonse silingawapatse.

Achimwene anuwo muwayankhule mofatsa, chifukwa anatumiza ndi chikondi ndipo randi siibwera yokha. Muwauze kuti ulendo wina atumize makina oyezera BP a pamkono ndi kamakina koyezera shuga, pamodzi ndi timapepala take tokwanira, popeza timeneto ndi timene timathera msanga ndipo kuno timavuta kupeza togwirizana ndi makinawo. Mugule kope la sukulu, muzilembamo tsiku ndi manambala.

Mabotolo awiri ali kalewo musawataye, koma bambo asayambe kumwa. Pitani nawo pa tsiku lawo lokalandira mankhwala, muwaonetse adokotala pamodzi ndi buku lija, awerenge zomwe zalembedwa kumbuyo. Mukabwerako mutiuze mayina a mankhwala amene bambo akumwa ndi nambala ya shuga wawo wa m'mawa asanadye, tidzathandizane kukonza kadyedwe kawo ka tsiku ndi tsiku.