Za card ya chamba cha mankhwala kuno ku UK

Achimwene, ndaona funso lanu loti msana wakuzunzani zaka zambiri, mapilisi akukanika, nde mwamva kuti kuno ku UK kuli card yofunsira kuti muziloledwa kugwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala. Pepani kwambiri ndi ululuwo. Bambo a kunyumba kwanga anadutsa momwemo, amabwera ku shifiti ya usiku kulephera ngakhale kuwerama kuti avule nsapato, ndimachita kuwavula ndine, choncho ndikuyankhani zomwe tinaona ndi maso athu.

Kunoku kulibe card ya boma yoloza chamba. Zamacard zija nza ku America, m'ma state ena. Ilipo ina imatchedwa Cancard, inayamba mu 2020, koma si ya boma ndipo siisandutsa chamba chogula mumsewu kukhala chololedwa, imangofotokozera wapolisi kuti muli ndi matenda, iyeyo nde aone chochita. Chomwe chimakutetezani pamalamulo ndi prescription basi. Lamulo linasintha pa 1 November 2018, nkhani za ana awiri odwala khunyu, Billy Caldwell ndi Alfie Dingley, zitavuta m'dziko muno, ndipo kuyambira pamenepo dokotala wa specialist yemwe ali mu kaundula wa GMC (bungwe lolembetsa madokotala kuno) atha kukulemberani. GP wanu, dokotala wanu wa masiku onse uja, sangayambitse yekha ayi.

Ku NHS, zipatala za boma, musayembekezere zambiri, amapereka kwa anthu ochepa kwambiri, monga Epidyolex kwa odwala khunyu lovuta, Sativex kwa a MS (multiple sclerosis, matenda a minyewa), Nabilone kwa amene akusanza ndi chemo. Za msanazi pafupifupi aliyense amapita ku kiliniki ya private ndipo ndalama zimatuluka m'thumba mwanu, kuonana ndi dokotala kulipira, mankhwala mwezi ndi mwezi kulipira, kubwerera kukaunikidwa kulipiranso, nde muwerengetsere bwino poti kumudzi akudikiranso dzanja lanu lomwelo.

Ife tinayamba ndi kupempha Summary Care Record kwa GP, ndi pepala loonetsa matenda anu ndi mankhwala omwe mwalandirapo. Apa mpomwe ambiri a ife timagwa, chifukwa tinazolowera kupirira, kugula ibuprofen mu shopu kumameza mwakachetechete osapita kuchipatala, nde mu rekodi mulibe kanthu. A kiliniki amafuna aone kuti mwayesapo njira zosachepera ziwiri zakanika. Ifeyo zinatithandiza kuti physio ndi mapilisi onse anali olembedwa. Kenako bambo a kunyumba aja anayankhula ndi dokotala pa video, atakhala pa tebulo la kukhitchini, anafunsidwa za tulo, za ntchito, za mowa, komanso ngati kubanja kwawo kuli wina anadwalapo misala. Funso limenelo muyankhe zoona chonde, amene anadwalapo psychosis samupatsa chifukwa chimatha kumubwezeretsa matendawo, ndipo tonse tinakula tikuona anyamata ena kumudzi mutu utasokonekera. Mankhwala atabwera anali m'kabotolo kali ndi dzina lawo, tsiku ndi mulingo wake, a masiku 30. Pali a mafuta odontheza pansi pa lilime, pali a maluwa ogwiritsa ntchito vaporiser (kachipangizo kotenthetsa popanda kuyatsa), koma kupichira nkuyatsa nkoletsedwa ngakhale muli ndi prescription.

Chomwe chandipangitsa kulemba zonsezi ndi mapepala anu achimwene. Chamba kuno ndi Class B, kupezeka nacho opanda prescription chilango chimatha kufika zaka 5, kugulitsa kapena kugawira mnzanu zaka 14, ndipo ife okhala pa viza mlandu ngati umenewo umakutsata mpaka pokonzanso viza, pofunsira ILR (chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale), ngakhale pa DBS ya kuntchito (kufufuza ngati munapalamulapo mlandu). Munthu wavutika kufika kuno, ana ali pasukulu, zonse nkuthera pa kapaketi kogula kwa mnyamata wa pa WhatsApp poti wakuuzani kuti card ikutetezani. Zimandiwawa ndikaganiza. Mukapatsidwa, musatsanulire mu kena, sungani m'botolo lake lomwelo, kope ya prescription ndi ID zikhale pafupi. Pagalimoto malire a THC (chomwe chimaledzeretsa mu chamba) m'magazi ndi otsika kwambiri, 2 micrograms pa lita, prescription imakuikirani kumbuyo pokhapokha mwatsata zomwe dokotala ananena ndipo mutu uli bwinobwino, mukamva chizungulire kiyi ikani pansi. Kuntchitonso, makamaka ngati mumanyamula okalamba, werengani policy yawo musanayambe.

Popita kumudzi pa holide musangoponya mu sutikesi. Zoona ku Malawi kuli Cannabis Regulation Act ya 2020, koma ija kwenikweni nja olima ndi okonza omwe ali ndi laisensi, pepala la ku UK silikutsegulirani njira pa Chileka kapena pa KIA, ndipo mukadzera Dubai kapena Doha nkoopsa zedi. Bambo a kwathu amasiya konkuno, dokotala amawakonzera zina za paulendo.

Sabata ino imbani kwa GP, mukafotokoze ululu wonse osachepetsa, mupemphenso rekodi yanu ija. Mukaipeza ndilembereni ku inbox tione limodzi zomwe zalembedwamo.