Ufa wakuda wa m'batire si wokanda ndi mpeni, achimwene

Achimwene ena okonza malaputopu andilembera kuti ali ndi katoni yodzaza mabatire akufa, ndiye akufunsa ngati angakande ufa wakuda wa m'kati mwake n'kupangira mabatire atsopano. Funsoli landikhudza, chifukwa mavidiyo a pa intaneti akunamiza anthu kuti imeneyi ndi ntchito yogwirira pakhonde.

Mukatsegula batire mupeza timapepala tachitsulo tokulungana. Ka mkuwa kamapakidwa graphite (ufa wakuda ngati wa m'pensulo), ka aluminiyamu kamapakidwa ufa wa lithium wophatikiza nickel, manganese ndi cobalt. Kufakitale amayamba atha moto wonse m'batiremo, kenako amaligaya m'makina odzaza nitrogen kuti lisayake. Akasefa pamatsala ufa wotchedwa black mass, koma ulendo ukadali wautali. Amausungunula mu sulphuric acid wothira hydrogen peroxide n'kumapatula zitsulo chimodzichimodzi. Nickel, manganese ndi cobalt amazigwirizanitsanso ndi caustic soda ndi ammonia pa pH (muyeso wa asidi) ya 11, n'kusakaniza lithium, n'kuwotcha m'ng'anjo pa madigiri 700 mpaka 900. Apa m'pamene pamatuluka ufa wopaka pa cathode yatsopano, kapepala ka aluminiyamu kaja.

Chimene chimawononga ntchitoyi ndi zotsalira. Kachidutswa ka mkuwa kosaoneka ndi maso kamasungunuka batire likamachajidwa, n'kukamera ngati minga mbali inayo mpaka kuboola kapepala kolekanitsa timapepala tachitsulo tiwiri tija. Moto umabukira pomwepo. Mchere wa m'madzi a batire nawo ukakumana ndi chinyezi umatulutsa hydrofluoric acid, yemwe amalowa mnofu mpaka kufupa. Ndiye munthu azikanda zimenezi pabenchi? Ayi ndithu.

Chimandiwawa china n'chakuti cobalt wambiri padziko amakumbidwa ku DR Congo, m'malire ndi Zambia pompa, koma oikolola kachiwiri ndi makampani ngati Umicore ku Hoboken, Belgium, kapena Redwood Materials ku Nevada. European Union inakhazikitsa lamulo mu 2023 loti pofika kumapeto kwa 2027 makampani a kumeneko azipulumutsa 90 peresenti ya cobalt, nickel ndi mkuwa, ndi theka la lithium. Ife mabatire tikungowataya kudzala limodzi ndi makoko a nthochi.

Nanga katoniyo?

Yezani selo lililonse la 18650 (kabatire kobulungira ka m'kati mwa batire la laputopu). Losonyeza mavoti opitirira 2.5 lichajeni pang'onopang'ono, likamasunga moto popanda kutentha lingagwire ntchito mu tochi. Lotsika pa mavoti 2 musalichaje, mkuwa wake ukhoza kukhala utasungunuka kale. Lotupa kapena lonunkha, ayinso. Otsalawo matani tepi kumitu, muwaike m'chidebe chachitsulo cha mchenga wouma, kutali ndi dzuwa ndi mbaula.