Anganga akayamba kuiwala dzina lako

Mdzukulu wanga wa ku Makawa wadandaula kuti anganga ake ayamba kuiwala mayina a ana awo omwe. Usiku amatuluka n'kumati akupita kudimba, ndipo anthu ayamba kunong'onezana zoti ndi mfiti. Namwino anamuuza kuti mavuto a paubwana amatha kukolezera matendawa, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Mdzukulu, namwinoyo sananame. Awa ndi matenda a ubongo, achipatala amati dementia. Ubongo umakula mothamanga m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pathupi mpaka mwana akwanitse zaka 2. Njala ikamupeza nthawi imeneyo, kenako n'kukulira m'zikwapu, mwamantha, sukulu osaiona, amafika kuukalamba nkhokwe ya m'mutu ili yochepa. Sikuti aliyense wovutika adzadwala, ayi. Ena mwa ife takalamba nzeru zili gwa. Koma chiopsezo chimakwera, makamaka pakaonjezekera BP, shuga, kachasu, fodya kapena kugontha.

Ife amsinkhu wa anganga akowo njala ya 1949 inatipeza tili makanda. Atsikana ambiri sanaponde m'kalasi, anakwatiwa akadali ana. Ndiye lero mayi amene anapirira zonsezo mumuponye miyala chifukwa wasokera usiku? Zimandiwawa mtima. Dziwanso kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Akakuitana dzina la malemu mchemwali wawo, ingoyankha kuti "wawa". Usawakalipire kapena kuwayesa mafunso ngati pasukulu. Usiku munthu wina azigona nawo pafupi, makamaka poti nyanja ili pakhomo. Apite nawo kuchipatala cha boma ku Mangochi akawayeze BP ndi shuga, ndipo amfumu muwauze msanga anthu asanayambe zawo.

Kenako uyang'ane pabwalo panupo. Kamnyamata kamene kamagona kugombe kudikira alovi, asodzi a khoka la chilimira, sukulu katasiya, ndi ka yani? Ana amene bambo awo anapita ku Joni osatumiza kanthu, akudya kangati patsiku? Usipa timagulitsa wonse kwa amalonda, mwana n'kudya phala lamchere wokha. Tapulaniko kambale kamodzi, musinje, muthire m'phala lakelo pamodzi ndi nsinjiro. Ndipo akalakwa, musamumenye m'mutu.